Kamtanda pa Koyilo Yachinayi

Galimoto ija inalowa m'galaja ikulira ngati chitini chopanda kanthu, ndipo Mayi Magetsi anadziwa kuti yabedwa m'mimba asanaikhudze n'komwe. Dzinalo anawapatsa ndi amakanika anzawo, chifukwa pamsewu wonsewo panalibe wina wodziwa mawaya a galimoto kuposa iwo. Pachiwongolero panatsika a Sajeni, wapolisi wa chimimba amene ankakonzetsa njinga yawo yamoto pomwepo kuyambira kalekale. Mbali inayo kunatsika mwini galimotoyo, mayi wa sitolo ya nsalu, amene anayamba kulankhula phazi lisanaponde pansi.

Nkhani yake inali yakuti dzana nyali ya injini inayaka, ndipo mlamu wake atamva kaliridwe ka galimotoyo anati akuba akokolola katalisiti. Amene sanagwirepo girisi adziwe kuti pakati pa paipi ya utsi pamakhala chibotolo chachitsulo, ndipo m'kati mwake muli chisa chonga cha njuchi chimene chimasefa utsi. Chisa chimenecho ogula zitsulo amachifuna koopsa. Akuba amang'amba chibotolocho, kukokolola chisa, kuwotchereranso bwinobwino, mwini wake n'kumayenda osadziwa kanthu mpaka nyali itayaka.

"Ndani wina amagwira makiyi?" anatero mayi wa nsalu. "Munthu ndimamupatsa ndi majekete a malemu amuna anga, ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku? Agone momwemo, amve mmene simenti imazizirira."

Ankanena dalaivala wake, mdala amene tsopano anali m'chitolokosi. A Sajeni anati mawa lake amutengera kukhoti, koma anafuna kuti munthu wodziwa ayambe waona galimotoyo, poti zonena za mlamu si umboni.

Mayi Magetsi analumikiza makina awo oyezera pansi pa chiwongolero, n'kuliza injini, n'kudikira kuti itenthe. Pa kagalasi panatuluka mizere iwiri. Anawafotokozera a Sajeni kuti paipi ya utsi ili ndi masensa awiri onunkhiza mpweya. Yakutsogolo imanunkhiza utsi usanalowe m'chisa, ndiye mzere wake sukhazikika, umangokwera ndi kutsika. Yakumbuyo imanunkhiza utsi wosefedwa kale, ndiye mzere wake uyenera kugona phee. Koma apa mizere yonse iwiri inkadumpha limodzi, wina akakwera mnzake akwera, kusonyeza kuti pakati pawo panalibenso chosefa chilichonse. Mlamu uja sananame.

Analowa m'dzenje loonera kunsi kwa galimoto ndi kagalasi kakang'ono. Pansi pa chibotolocho panalibe bala lililonse, koma pamwamba, pamene diso silifika, chala chawo chinapeza mzere wowotcherera, wosalala ngati wosoka pa makina. Wakubayo anali mmisiri, ndipo anayamikira mumtima ngakhale anadziwa kuti sikoyenera.

Akutuluka m'dzenjemo, mayi wa nsalu anali asanatseke pakamwa. Ankauza a Sajeni kuti chodabwitsa n'chakuti galimotoyo inakhala ikutsimphina miyezi ndi miyezi, pachitunda kumanjenjemera ngati ya malungo, koma masiku ano yasiya yokha. Ikununkha, inde, ikulira moipa, inde, koma kukoka ikukoka ngati yatsopano.

Mayi Magetsi anaima chilili, chiguduli chili m'manja. Kubedwa kwa chisa sikuchiritsa injini yotsimphina, imene amakanika amati yomisa. Anafunsa ngati alipo makanika amene anaigwirapo posachedwa, ndipo mayiyo anakana mpaka kulumbira, amvekere amakanika onse ndi mbava, kupatula inuyo.

Anatsegula boneti. Injiniyo inali ya masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse inali ndi koyilo yake, kachipangizo kotumiza moto ku pulagi. Koyilo imodzi ikafa injini imamisa, ndipo njira yoigwirira n'kuisinthanitsa ndi inzake yoyandikana nayo: kumisa kukasamuka nayo limodzi, ndiye kuti wolakwa ndi yomweyo. Atapukuta fumbi anaona kuti wina wachita zimenezo posachedwapa, ndipo munthuyo asanazule makoyilowo anali atawakanda ndi msomali kuti asawasokoneze. Yoyamba inali ndi kamzere kamodzi. Pamalo achiwiri panali koyilo yachilendo, ya mtundu wina, yopanda chizindikiro. Pamalo achitatu panakhala ya timizere tiwiri. Anasuntha chala kupita ku yomaliza, akuyembekeza timizere tinayi.

Panalibe timizere tinayi. Panali kamtanda.

* * *

A Sajeni anafunsa ngati aona kanthu, ndipo Mayi Magetsi anati ayi, angomva chizungulire chifukwa cha utsi. Anatseka boneti n'kulowa m'kachipinda ka zitsulo, n'kukhala pa batire yakufa.

Amakanika ena amalemba makoyilo ndi choko kapena cholembera. Kukanda ndi msomali kunali kwa iwo okha, chifukwa mafuta safufuta chokandidwa, ndipo anaphunzitsa munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, ali wamng'ono ankalephera kukwanitsa timizere tinayi pa kamutu ka koyilo, ndiye anayamba kuika kamtanda. Anamukalipira, anamuseka, koma anakula nako. Anzake ankamutcha Khutu, chifukwa ankaika chogwirira cha sikuludiraiva kukhutu, nsonga pa injini, n'kukuuza silinda yodwala makina asanayake.

Bambo ake atamwalira, Khutu anayamba kuchita manyazi kutumidwa ndi amayi ake pamaso pa amuna anzake. Ankamunyoza kuti ndi mwamuna wanji wolandira malamulo kwa wovala duku. Tsiku lina anatenga bokosi lake la masipanala n'kunena kuti adzabwera akadzakhala ndi galaja yakeyake. Anthu anawatonthoza amayi ake kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo iwo anavomera ndi mutu, koma mwambi sudya nawe patebulo. Poyamba ankaimba foni. Kenako foni inayamba kuyankhidwa ndi mayi wa pakampani uja wonena kuti nambalayi sikupezeka. Zaka zinadutsa. Anamufunafuna m'zipatala, m'magalaja a m'mizinda ina, ngakhale kunyumba yachisoni, ndipo mpaka lero galimoto iliyonse ikaima pageti ankayamba ayang'ana nkhope ya woyendetsa asanayang'ane galimoto. Anamusowa mwanayo, kumusowa kopweteka m'chifuwa.

Ndiye lero nayu, wamoyo, manja ake akugwira ntchito mumzinda womwewu. Ndipo ntchito yake ndi yakuba.

Anasamba kumaso n'kubwerera ku makina. Wakubayo anali atafufuta zolakwika zonse zimene kompyuta ya galimoto inasunga, kuti nyali ichedwe kuyaka, koma kompyutayo imawerenga mtunda umene galimoto yayenda chifufutireni. Mtundawo unali waufupi, wa masiku ochepa chabe. Anawaonetsa a Sajeni zimenezo, za kamtanda osanena, n'kupempha kuti akaonane ndi dalaivala uja.

* * *

Mdalayo anamutulutsa atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, poti lamba anamulanda. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse kuyamba ndi pepani. Anati wayendetsa galimoto moyo wake wonse koma boneti amaitsegula pothira madzi basi, ndipo moto wowotcherera amauopa ngakhale kuuyang'ana.

Mayi Magetsi anamufunsa funso limodzi: kutsimphina kuja kunasiya liti?

"Pepani mayi, tsiku limene ndinakaitenga kubwalo loimikako magalimoto, pafupi ndi depoti. Adona anapita kukaoda nsalu, ine ndinapita kukaona mwana wanga kuchipatala, ndiye inagona kumeneko Loweruka ndi Lamulungu. Nditailiza Lolemba ndinati, taonani, ngakhale chitsulo chikapuma chimachira. Ndinathokoza Mulungu njira yonse."

A Sajeni anaseka mpaka chimimba kugwedezeka, koma atawerengera mtunda wochokera kubwaloko kufika kunyumba, kuphatikiza maulendo a kusitolo a masiku otsatira, kuseka kunatha. Zinkagwirizana ndi makina. Chisa chija chinabedwera kubwalo.

Komabe a Sajeni sanali mwana. Anafunsa amene anasankha bwalo limenelo, ndipo mdalayo anavomera kuti ndi iye, chifukwa linali lotchipa. Anafunsa amene angachitire umboni kuti anali kuchipatala, ndipo anati mwana wakeyo ndi mkazi wake. A Sajeni anati umboni wa m'banja ndi madzi a m'dengu. Dalaivala akhoza kusiya galimoto pamalo opanganirana, anzake n'kumaliza ntchito iye atakhala pabenchi yachipatala. Pokhapokha wowotcherera uja atapezeka n'kunena yekha amene anamutuma, mdalayo sakanachoka pa mlanduwo.

Akumubweza, mdalayo anatembenuka n'kupempha kuti wina akauze mkazi wake kuti asamadikire panja. Anati mayiyo ali ndi vuto la miyendo, koma iye akachedwa amakokera mpando pakhomo n'kukhala moyang'ana kumsewu mpaka atamuona, ndipo kunja kukuzizira masiku ano. Mayi Magetsi anayang'ana pansi. Mpando umenewo ankaudziwa, anali nawo wawo.

* * *

Bwalo lija linali la fumbi, lotchingidwa ndi malata akale, ndipo mlonda wake anali munthu wa mano otalikirana amene ankayankha funso lililonse ndi funso linzake. Galimoto yoyera? Zoyera zimabwera zingati patsiku, bwana? Munthu wowotcherera? Magetsi ake awatenga kuti, bwana, poti ngakhale wailesi yanga ndi ya mabatire? Ankaseka pakati pa mawu, n'kumakanda m'khosi. A Sajeni anamuopseza, anamunyengerera, anamuopsezanso, koma kunali kutunga madzi ndi sefa.

Mayi Magetsi anawasiya n'kumazungulira m'mbali mwa mpanda. Pakona, kuseri kwa lole yopanda matayala, dothi linali ndi mabowo a jeke ndi timadontho tachitsulo chosungunuka. Anatokosa udzu ndi phazi. M'menemo munali koyilo yong'aluka m'khosi, ndipo pamutu pake panali timizere titatu. Anaitola n'kuiika m'thumba la ovololo mozemba, ngati akuba ndi iwo.

Mwayi wawo, foni ya a Sajeni inalira, ndipo anatuluka pageti akukuwa ndi bwana wawo. Mayi Magetsi anapita kwa mlonda uja n'kumuonetsa koyiloyo m'manja. Kuseka kunamuthawa. Anayamba kunena kuti zinyalala zimagwa ndi mphepo, koma anamudula.

"Ine si wapolisi, achimwene. Ndine mayi ake."

Mlondayo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, kenako anati mphuno ndi yomweyo, kungoti winayo ndevu zamubisa pakamwa. Ndevu! Mwana wawo anachoka chibwano chili see, ndipo m'maloto onse ankabwera choncho. Anafuna kufunsa zambiri, ngati amadya, ngati anakwatira, ngati chifuwa chake chija chimamuvutabe nthawi yozizira, koma mlondayo anali atayamba kale kudandaula zake monong'ona. Anati mdala woyendetsa sadziwa kanthu, galimoto amazisankha ndi anthu ena amene amabwera ndi jenereta, wandevuyo amangolembedwa ganyu. Koma mwa onse amene anagwirapo nawo ntchito, wopusa ngati ameneyo sanamuonepo. Ntchito yatha, anzake akuti tiyeni, iye waliza injini, wapendeka mutu, basi watsegula boneti. Anzake kumukoka malaya, iye akuti galimoto yotsimphina sangaibweze kwa mwini wake. Mpaka anachotsa koyilo m'bokosi lake n'kuikamo, yaulere.

Mayi Magetsi anaseka, misozi ikutsika, chifukwa mawu amenewo anali awo. Anamuuza mwanayo kambirimbiri kuti galimoto siituluka pageti ikutsimphina, ngakhale mwini wake atabwera ndi vuto la hutala lokha.

Mlondayo anasuzumira kugeti n'kunena mofulumira: kuseri kwa malo ocheka matabwa, shedi ya chitseko chobiriwira. Masana amakonza mataxi kumeneko. A Sajeni atabwerera anapeza mlonda akusekanso, mayi akumanga chingwe cha nsapato.

* * *

M'galimoto ya polisi a Sajeni ankang'ung'udza kuti mlondayo akudziwa zonse koma sangamufinye popanda chogwirika, ndiye mawa mdala uja akayankhe yekha pamaso pa woweruza. Dzanja la Mayi Magetsi linali m'thumba, likusisita timizere titatu tija.

M'mutu mwawo zonse zinali zitakonzeka. Atsike pagalaja, adikire a Sajeni achoke, akwere minibasi, akagogode pachitseko chobiriwira. Amutenge mwanayo, amumete ndevuzo, amukhazike patebulo amuyang'ane akudya. Chipinda chake chinali momwe anachisiyira. Palibe akanadziwa, poti kamtanda kaja sikanali umboni kwa wina aliyense koma kwa iwo okha. Zaka zonsezi anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo lero chinali m'manja mwawo. Koma akatseka maso ankaona mayi wa miyendo yotupa, amene sanamuonepo n'kale lonse, akukoka mpando kupita pakhomo.

Atafika pamphambano yokhotera kugalaja, anawauza a Sajeni kuti aime. Anatulutsa koyilo ija n'kuiika padashibodi, n'kunena zonse, kuyambira pa kamtanda mpaka pa chitseko chobiriwira. Mawu ankatuluka ouma ngati akuwerenga zolakwika pa makina.

A Sajeni anazimitsa injini. Ankamukumbukira Khutu, ndiye ankawapopera matayala a njinga ali kamnyamata. Anavula chipewa, anakanda dazi, n'kunena kuti akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo iwo sakanawaimba mlandu mayiwo akanakhala chete. Anafunsa ngati akudziwa kuti pamenepa pali ndende.

"Ndikudziwa. Koma kundende kuli tsiku loona anthu, ndipo ndidzadziwa kumene wagona." Anatembenukira kwa a Sajeni. "Ndikupemphani chimodzi, a Sajeni. Ndilowe ndine poyamba. Ndipo ngati ali ndi galimoto m'manja, musamugwire ntchito ili theka."

A Sajeni anavala chipewa n'kuliza injini.

* * *

Kuseri kwa malo ocheka matabwa kunkanunkha utuchi ndi oyilo wakupsa. Chitseko chobiriwira chinali chotsegula. M'katimo munali taxi yokalamba itakwezedwa pa jeke, ndipo pansi pake panatuluka miyendo iwiri yovala nsapato zosiyana zingwe. Pambali panali bokosi la masipanala, lomwe lija, lopindika pakona pamene bambo ake analiponda ndi galimoto. A Sajeni anaima pageti la mpanda, manja kumbuyo.

Munthu wa pansi pa galimoto anamva mapazi n'kuganiza kuti ndi mwini taxi. Anatulutsa dzanja, chikhatho chili m'mwamba, n'kunena kuti amupatsire sipanala ya teni. Mayi Magetsi anagwada pa utuchi, n'kuisankha osayang'ana, n'kuiika m'dzanjamo mmene ankachitira kale, chogwirira patsogolo, n'kukanikiza pang'ono ndi chala chachikulu. Dzanjalo linauma pomwepo. Kenako munthuyo anadzikoka chagada n'kutuluka.

Ndevu zinalipodi, ndipo zina zinali zitayamba kuyera m'mbali, mwana wa dzana lomweli. Masaya anali atalowa. Mawu onse amene mayiyo anasunga zaka zonsezi, okalipa ndi olira omwe, anathawa, n'kutsala amodzi okha opanda pake.

"Waonda."

"Amayi."

Khutu anawayang'ana, n'kuyang'ana kudutsa phewa lawo mpaka pageti pamene panaima yunifolomu. Kumbuyo kwa shediyo kunali zenera lopanda galasi, lokwana munthu, ndipo onse awiri ankaliona. Sanasunthe. Anafunsa chapansipansi ngati ndi iwo amene abwera ndi apolisiwo, ndipo amayi ake anati inde, abwera nawo, chifukwa m'chitolokosi muli mdala wa eni ake amene sanalakwe kanthu. Khutu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati anafuna kubwera kunyumba kangapo konse, anafikapo mpaka pamphambano, koma analibe galaja yoti awaonetse. Amayi akewo galaja sanaifunepo n'komwe. Anangomuchotsa utuchi m'tsitsi, kamodzikamodzi, ngakhale umene panalibe.

"Yatsala chiyani?" anafunsa, akuloza taxi ndi chibwano.

"Sensa yakumbuyo. Ndamanga kale, kwatsala kabulaketi ka waya basi."

"Maliza. Akudikira."

Khutu anagonanso chagada n'kulowa pansi. Kabulaketi kotero ndi ka mabawuti awiri, ntchito yoti munthu amaimaliza madzi a tiyi asanawire, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Mayi Magetsi anakhala pansi, mwendo wawo utagunda mwendo wa mwanayo, akumva kutentha kwake kudzera mu ovololo. Sipanala ya teni ija inali itagwera pa utuchi, pafupi ndi bondo lawo. Anaiphimba ndi chikhatho.

Dzanja linatulukanso. Anatsegula bokosi n'kuikamo ya thwelofu. Munthu amene ankadziwa kukula kwa bawuti poikhudza ndi chala sakanalephera kudziwa chimene wapatsidwa. Koma Mayi Magetsi anamva chitsulo chikugunda pa bawuti, chikuterereka, chikuyesanso, kenako dzanja linaibweza.

"Si imeneyi, amayi. Tayesani ina."

Anamupatsa ya fotini. Pageti a Sajeni anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana magalimoto odutsa mumsewu. Dzanja linabweza ya fotini, ndipo Mayi Magetsi anasuzumira m'bokosi muja kuti aone amene atsala. Masipanala analimo ambiri ndithu, koma kwa iwo anali ochepa.